Mlongoti Pamwamba pa Denga: Luso Lopanga Eriyo ya Wailesi ya Kanema

Munthu amene akuyenda ulendo wa pa basi kuchokera ku Kasungu kulowera kumpoto pa msewu wa M1, akafika pa Jenda ndi kuponya maso pamwamba pa madenga, amaona chinthu chimene makolo athu sanachionepo pa masiku awo. Pa nyumba zina pali mbale zoyang'ana kumwamba, pomwe pa nyumba zina paima milongoti ya nsungwi kapena ya bulugama, ndipo kunsonga kwake kwamangiriridwa tizitsulo tondandalikana ngati minga ya nsomba. Tizitsulo timeneti ndito eriyo, khutu la wailesi ya kanema. Maeriyo ena ndi ogula m'sitolo, koma ena ndi opanga pamanja kuchokera ku mawaya otsala, masipoko a njinga, zivindikiro za mapoto ndi zina zotero.

Ambiri a ife tinaonapo zimene zimachitika madzulo a tsiku la mpira. Mnyamata amatumidwa panja kukapotoza mlongoti, a m'nyumba nkumafuula m'Chitumbuka kuti, "Pachoko, pachoko!" Kenaka onse pamodzi amakuwa kuti, "Yawoneka!" Koma mnyamata uja asanakhale nkomwe pansi chithunzi chimaumanso, ndipo bambo wa pakhomo amayamba kudandaula za ndalama zimene anataya pogula dikoda. Mawa lake amagula eriyo ina, kapena amaonjezera chitsulo china pa yakale ija, osadziwa ngati akukonza kapena akuononga.

Cholinga cha nkhani ino ndi kuonetsa kuti ntchito imeneyi siyofunika kulota ai. Eriyo ili ndi miyeso yake monga momwe chitseko chilili ndi miyeso yake kwa kalipentala, ndipo miyesoyo imachokera m'masamu amene wophunzira aliyense wa Fomu 3 angathe kuwachita. Koposa apo, masiku ano munthu angathe kuyesa eriyo pa kompyuta asanadule waya ndi mmodzi yemwe. Ndikulankhula makamaka kwa inu anyamata ndi atsikana amene mwatsiriza sukulu ndipo muli pakhomo, komanso kwa inu aphunzitsi a sayansi amene mumaphunzitsa mutu wa mafunde ndi choko chokha chifukwa chosowa zipangizo.

Kumene tachokera

Dziko lathu linachedwa kukhala ndi wailesi ya kanema. Anansi athu a ku Zambia anayamba kuonera kanema mu 1961 mumzinda wa Kitwe, koma kuno kwathu, ngakhale wailesi ya MBC inakhazikitsidwa mu 1964, panalibe nyumba youlutsira zithunzi pa nthawi yonse ya ulamuliro wa Dr. Hastings Kamuzu Banda. Television Malawi inayamba kuulutsa pa 1 April 1999, mu ulamuliro wa Dr. Bakili Muluzi, ndipo pambuyo pake inaphatikizidwa ndi MBC. Pa masiku amenewo zithunzi zinkaulutsidwa m'njira yakale ya analogi. Mafunde akafooka, chithunzi chinkadzaza timadontho tothwanima, komabe munthu wopirira ankatha kuona kuti mpira uli mbali iti.

Mu 2006 maiko a mu Africa, Ulaya ndi ena anagwirizana ku Geneva, pansi pa bungwe la International Telecommunication Union, kuti asiye njira yakaleyo pofika pa 17 June 2015 ndi kuyamba njira ya dijito. Mu 2010 nduna za maiko a SADC, zitakumana ku Lusaka, zinasankha njira yotchedwa DVB-T2. Boma lathu linakhazikitsa kampani ya Malawi Digital Broadcast Network Limited kuti izifalitsa mafunde a nyumba zoulutsira zithunzi, ndipo madikoda ake anadziwika ndi dzina loti Kiliye Kiliye.

Kusinthaku kunabweretsa zinthu ziwiri zimene wopanga eriyo ayenera kuzimvetsa. Choyamba, chithunzi cha dijito sichidziwa zapakatikati. Mafunde akakwana chimaoneka bwino lomwe, akaperewera pang'ono chabe chimasweka m'timabokosi, nkuuma kapena kuzimiratu. Motero kaphindu kakang'ono kamene eriyo yabwino imaonjezera kangathe kukhala kusiyana kwa kuonera ndi kusaonera. Chachiwiri, mu njira ya dijito nyumba zambiri zoulutsira zimanyamulidwa pamodzi pa njira imodzi ya mafunde, ngati anthu ambiri okwera basi imodzi. Choncho eriyo yodulidwa molingana ndi njira imodziyo imakupatsani nyumba zonse za m'basimo.

Masamu a funde

James Clerk Maxwell wa ku Scotland anaonetsa ndi masamu, cha m'ma 1860, kuti payenera kukhala mafunde a magetsi oyenda mumlengalenga pa liwiro la kuwala. Heinrich Hertz wa ku Germany ndiye anawapanga ndi kuwagwira m'chipinda chake choyesera zinthu mumzinda wa Karlsruhe mu 1887 ndi 1888, ndipo nchifukwa chake kuchuluka kwa mafunde odutsa pa sekondi imodzi timakuwerenga m'dzina lake. Megahertz imodzi, imene imalembedwa mwachidule kuti MHz, ndiyo mafunde 1,000,000 pa sekondi.

Mafunde amenewa amayenda makilomita 300,000 pa sekondi. Kuchokera apa timapeza lamulo limodzi limene wopanga eriyo aliyense ayenera kuliloweza pamtima: gawani 300 ndi nambala ya megahertz, ndipo yankho lake ndi utali wa funde limodzi m'mamita. Wailesi ya FM youlutsa pa 100 MHz ili ndi funde la mamita atatu. Kanema wa dijito m'chigawo chathu cha dziko lapansi amaulutsidwa m'gawo lotchedwa UHF, pakati pa 470 MHz ndi 694 MHz, ndipo gawoli linadulidwa m'matchanelo kuyambira 21 kufika 48, iliyonse yotenga 8 MHz. Funde la pa 474 MHz, pakati pa tchanelo 21, ndi lotalika masentimita 63, pomwe la pa 690 MHz, pakati pa tchanelo 48, ndi la masentimita 43 ndi theka. Apa mwaona chifukwa chake eriyo ya kanema ili yaing'ono poyerekeza ndi ya FM.

Nanga munthu angadziwe bwanji nambala ya megahertz ya kwao? Yankho lili m'dikoda momwemo. Pa tsamba losakira matchanelo pamanja, kapena loonetsa mphamvu ya mafunde, pamalembedwa nambala monga 602000. Imeneyo ili m'makilohertz, ndiye kuti ndi 602 MHz. Ngati dikoda yanu siinagwirepo kanthu, pitani kwa mnansi amene akuonera bwino mukakope nambalayo, muonenso kumene eriyo yake yaloza ndiponso ngati ndodo zake zagona chopingasa kapena zaima chilili, pakuti yanu iyenera kutsata momwemo. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

Ndodo ya theka la funde

Eriyo yosavuta koposa zonse ndi ndodo yachitsulo yotalika theka la funde, yodulidwa pakati nkusiyapo kampata ka pafupifupi sentimita imodzi. Funde likamadutsa limagwedeza magetsi a m'ndodomo uku ndi uku, ndipo ndodo ikakhala ya utali woyenera kugwedezekako kumakula, monga momwe katungwe amakwerera m'mwamba mukamamukankha pa nthawi yake. Ndodo yotalika mopitirira kapena yofupika kwambiri ili ngati kukankha katungwe pa nthawi yolakwika. Apa mpamene ambiri amasokera, poganiza kuti chitsulo chikakula ndiye kuti chigwira kwambiri.

Tiyeni titenge chitsanzo cha 600 MHz. Kugawa 300 ndi 600 kukutipatsa theka la mita, ndiwo masentimita 50. Theka lake ndi masentimita 25. Koma chifukwa cha kunenepa kwa chitsulo ndi khalidwe la magetsi kunsonga kwa ndodo, timachotsapo pafupifupi magawo asanu pa 100 aliwonse, kotero kuti ndodo yonse imakhala pafupifupi masentimita 23 ndi theka. Kebulo ya kanema ili ndi waya wapakati ndiponso ukonde wa timawaya kunja kwake. Wapakatiyo amalumikizidwa ku theka limodzi la ndodo, ukondewo ku theka linalo. Kwa munthu wokhala pafupi ndi nsanja youlutsira, kandodo kameneka kokha nkokwanira.

Koma ambiri a ife kuno ku Mzimba tili kutali, ndipo tifunika eriyo yosonkhanitsa mafunde ochokera mbali imodzi. Nzeru ya zimenezi inachokera ku Japan mu 1926, pa sukulu yaukachenjede ya Tohoku mumzinda wa Sendai, kumene Shintaro Uda ndi mphunzitsi wake Hidetsugu Yagi anapeza kuti ndodo zina, zosalumikizidwa ku waya aliyense, zikaikidwa pafupi ndi ndodo yolandira zimasintha kamvedwe kake. Ndodo yotalikirapo pang'ono yoikidwa kumbuyo imabweza mafunde, pomwe ndodo zofupikirapo zoikidwa kutsogolo zimawalondolera ku ndodo yolandira ija. Yagi analemba za ntchitoyi m'Chingerezi mu 1928, ndipo dzina lake ndilo linatchuka, ngakhale mbali yaikulu ya kuyesako anachita ndi Uda. Minga ya nsomba imene tikuiona pa madenga ndi mdzukulu wa ntchito imeneyo.

Pa 600 MHz, miyeso yoyambira ingakhale iyi: ndodo yobweza masentimita 26, yolandira 23 ndi theka, zolondolera zitatu 22, 21 ndi theka, ndi 21, ndipo pakati pa ndodo iliyonse ndi inzake pakhale masentimita 10. Zonse zikhomedwe pa msana wa thabwa louma kapena paipi ya pulasitiki. Eriyo yotere ya ndodo zisanu, ikapangidwa bwino, imasonkhanitsa mphamvu yoposa ya ndodo imodzi yokha pafupifupi kasanu. Ngati nambala ya kwanu siili 600, chulukitsani muyeso uliwonse ndi 600 nkugawa ndi nambala yanuyo.

Pamene kompyuta ilowererapo

Ndanena kuti imeneyi ndi miyeso yoyambira, ndipo ndanena dala. Ndodo iliyonse imakhudza inzake. Mukasuntha imodzi ndi sentimita imodzi, magetsi a m'ndodo zonse amasintha. Palinso nkhani ya kugwirizana kwa eriyo ndi kebulo, kumene kumayezedwa mu ma-ohm. Kebulo ya kanema ndi ya 75 ohm, ndipo ndodo imodzi ili payokha ndi ya pafupifupi 73 ohm, choncho zimagwirizana bwino. Koma mukaonjezera ndodo zina nambala ya eriyo imatsika, ndipo mbali ina ya mphamvu imabwerera m'malo molowa m'kebulo, monga madzi okanika kulowa bwino pamene mapaipi awiri osiyana kukula alumikizidwa. Nchifukwa chake pa maeriyo ogula ndodo yolandira imakhala yopindidwa ngati chingwe cha unyolo chophwatalala, pakuti kupindako kumachulukitsa ma-ohm kanayi, ndipo m'kabokosi kake mumakhala kachipangizo kotchedwa balun kogwirizanitsa mbali ziwirizo.

Kale akatswiri ankapeza miyeso yabwino podula ndi kuyesa kwa miyezi yambiri. Koma m'zaka za m'ma 1970, ku Lawrence Livermore Laboratory m'dziko la America, Gerald Burke ndi Andrew Poggio analemba pulogalamu ya kompyuta yotchedwa Numerical Electromagnetics Code, mwachidule NEC, ndipo mtundu wake wachiwiri, NEC-2, unatuluka mu 1981. Kagwiridwe kake ka ntchito nkosavuta kukamvetsa. Kompyuta imadula ndodo iliyonse m'tizidutswa ting'onoting'ono, nkufunsa kuti: kodi m'kachidutswa kalikonse mukuyenda magetsi ochuluka bwanji, poti kalikonse kakukankhidwa ndi tinzake tonse?

Inu amene munalemba mayeso a MSCE mukukumbukira masamu aja a zosadziwika ziwiri, x ndi y, zopezeka pogwiritsa ntchito mizere iwiri ya masamu nthawi imodzi. Kompyuta imachita zomwezo, kungoti eriyo ikadulidwa m'tizidutswa 100 zosadziwika zimakhala 100, mizere 100, ndipo nambala zofunika kuziwerengera zimakwana 10,000. Munthu wa pensulo angakalambe asanatsirize, koma laputopu wamba, ngakhale yakale, imatsiriza m'kuphethira kwa diso. Ikadziwa magetsi a m'kachidutswa kalikonse, imatha kunena mbali imene eriyo ikumva kwambiri, mphamvu imene ikusonkhanitsa, ndiponso ma-ohm ake.

Mapulogalamu ena ochita ntchitoyi ndi aulere. Pali 4nec2 yolembedwa ndi Arie Voors wa ku Netherlands, ndiponso MMANA imene anaiyamba ndi Makoto Mori wa ku Japan. Munthu akaikopera kamodzi pa intaneti safunikanso intaneti poigwiritsa ntchito. Mumalembamo pamene ndodo iliyonse yayambira ndi pamene yathera, kunenepa kwa waya amene muli naye, malo olumikizirapo kebulo, ndi nambala ya megahertz. Ikawerengera imajambula chithunzi chonga tsamba la mtengo, chosonyeza mbali imene eriyo yatchera khutu. Imaperekanso phindu la eriyo m'madecibel, ndipo dziwani kuti madecibel atatu aliwonse oonjezereka ndi mphamvu yowirikiza kawiri. Pomaliza imapereka nambala yotchedwa SWR, yosonyeza kugwirizana kwa eriyo ndi kebulo: ikakhala pafupi ndi 1 zinthu zili bwino kwambiri, ndipo ikakhala yosapitirira 2 nzokwanira pa ntchito yolandira.

Ubwino wake waukulu kwa ife ndi uwu. Mapulani ambiri a m'mabuku amanena za mapaipi a aluminiyamu a kukula kwakutikwakuti, amene mwina simungawapeze pa msika wa pa Mzimba boma kapena pa Embangweni. Koma inu muli ndi waya wa mkuwa wotsala pa ntchito yoika magetsi m'nyumba, kapena ndodo zowotcherera. Mukauza kompyuta kunenepa kwenikweni kwa chimene muli nacho, imakuthandizani kupeza utali woyenera chitsulo chimenecho. Mungathe kulakwitsa kakhumi pa kompyuta popanda kutaya waya kapena tambala imodzi.

Chitsanzo cha mphamvu ya njira imeneyi ndi eriyo ya Doyt Hoverman wa ku America, amene analembetsa luso lake mu 1959. Eriyoyo ndi mawaya awiri opindidwa mokhotakhota, oima moyang'anana. Patapita zaka pafupifupi makumi asanu, mu 2008, anthu wamba okonda lusoli ku Canada anaiika m'mapulogalamu a NEC, nasintha miyeso yake ndi ya zitsulo zobweza za kumbuyo kwake kufikira inayamba kugwira bwino koposa kale, ndipo anapereka mapulaniwo kwaulere kwa aliyense m'dzina loti Gray-Hoverman. Ubwino wa mtundu umenewu ndi wakuti umamva gawo lalikulu la UHF, pomwe Yagi imamva bwino pafupi ndi nambala imene inadulidwira. Koma wotengera mapulani a ku America achenjere pa zinthu ziwiri. Miyeso yawo kawirikawiri imakhala m'mainchesi, ndipo inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Komanso matchanelo awo ndi a 6 MHz ndipo manambala ake ndi osiyana ndi athu, kotero kuti tchanelo 30 ya kumeneko siili pamalo amodzi ndi tchanelo 30 ya kuno. Tsatani megahertz, osati nambala ya tchanelo.

Mapiri ndi zigwa za kwathu

Tsono pali chinthu chimene eriyo, ngakhale yokongola chotani, singachigonjetse, ndicho phiri. Mafunde a UHF amayenda molunjika pafupifupi ngati kuwala. Boma la Mzimba lili ndi mapiri a Viphya chakum'mawa, kumene kuli nkhalango ya Chikangawa, pomwe chakumadzulo dziko limatsetserekera ku chigwa cha mtsinje wa South Rukuru kulowera ku malire a Zambia. Pakati pake pali zitunda ndi madambo osawerengeka. Nchifukwa chake nyumba ya pamtunda ingathe kuonera ndi kandodo kamodzi, pomwe ya kudambo, mtunda wosakwana kilomita imodzi, ikulephera ndi eriyo ya ndodo khumi.

Ngakhale pa dziko lathyathyathya, kuzungulira kwa dziko lapansi kumaika malire. Lamulo lake ndi ili: pezani nambala imene ikachulukitsidwa ndi iyo yokha ikupereka msinkhu wa mlongoti m'mamita, nkuichulukitsa ndi 4.1, ndipo yankho ndi makilomita. Mlongoti wa mamita anai umapereka makilomita 8, wa mamita 9 umapereka 12, wa mamita 16 umapereka 16. Nsanja youlutsira imene yakwera mamita 100 pamwamba pa dziko loizungulira imapereka makilomita 41, ndipo mumaphatikiza nambala ziwirizo. Onani kuti kutalikitsa mlongoti kanayi kumangowirikiza gawo lanu kawiri. Nchifukwa chake nsanja zoulutsira zimamangidwa pa mapiri.

Apanso kompyuta imathandiza. Mu February 2000 chombo cha NASA chotchedwa Endeavour chinayeza kukwera ndi kutsika kwa nthaka ya mbali yaikulu ya dziko lapansi, kuphatikizapo Malawi, ndipo miyesoyo ndi yaulere. Pulogalamu ya Radio Mobile, yolembedwa ndi Roger Coudé wa ku Canada, imagwiritsa ntchito miyeso yotere kujambula zitunda zonse zimene zili pakati pa nsanja ndi nyumba yanu. Nayo Google Earth imatha kuonetsa kukwera kwa nthaka pa mzere umene mwajambula. Chithunzicho chikasonyeza kuti chitunda chikungophimba pang'ono, kukweza mlongoti kapena kuusunthira mbali ina ya bwalo kungathandize. Koma chikasonyeza phiri lonse, mmisiri woona mtima auze mwini nyumba kuti asataye ndalama pa eriyo. Chimene chingamuthandize ndi mbale yoloza ku setilaiti, imene ili pamtunda wa pafupifupi makilomita 36,000 kumwamba, kumene phiri silitchinga.

Zimene kompyuta siiona

Tisaiwale kuti kompyuta imawerengera eriyo ya m'maganizo, yoongoka bwino ndi yosachita dzimbiri. Eriyo ya pa denga imakumana ndi zina. Malata amabweza mafunde, choncho eriyo ikwezedwe mita imodzi kapena kuposerapo pamwamba pa denga. Thabwa lonyowa ndi mvula limasintha khalidwe la ndodo, choncho lipakidwe penti kapena vanishi. Mkuwa ukakhudzana ndi aluminiyamu pa malo a chinyezi zimadyana, ndipo pakapita miyezi mfundoyo imaleka kudutsa magetsi. Choncho polumikizira pamangidwe zolimba ndi kuphimbidwa ndi kabotolo kapulasitiki koyang'ana pansi. Madzi akalowa m'kebulo amaiononga yonse. Ndiponso kebulo payokha imadya mphamvu: mamita 20 a kebulo wamba ya mtundu wa RG6 amadya pafupifupi theka la mphamvu pa 600 MHz. Munthu angathe kuvutika kupanga eriyo yabwino, phindu lonse nkuthera m'kebulo yaitali yolumikizalumikiza.

Pali zoopsa ziwiri zimene sindingazilumphe. Choyamba ndi mawaya a magetsi. Mlongoti usaimikidwe pamalo pamene ukagwa ungafikire mawaya a ESCOM, ndipo pounyamula yang'anani kumwamba, chifukwa nsungwi yaiwisi kapena yonyowa imadutsa magetsi. Chachiwiri ndi mphenzi. Chitsulo chokwezedwa pamwamba pa nyumba zonse za m'mudzi, cholumikizidwa ndi kebulo yolowa m'chipinda chochezera, ndi njira imene mphenzi ingatsate. Pakhale waya wonenepa wochokera ku eriyo kutsikira molunjika ku ndodo yachitsulo yokhomedwa mozama m'nthaka, ndipo mitambo ikayamba kugunda zulani kebulo ku dikoda mvula isanafike. Musatume mwana kukapotoza mlongoti kukuchita ziphaliwali, ngakhale mpira utafika pokoma chotani.

Kunena za lamulo, kupanga eriyo yolandirira ndi kosiyana ndi kuulutsa mau. Kuulutsa kumafuna chiphaso cha bungwe la MACRA. Ambiri akukumbukira nkhani ya Gabriel Kondesi wa ku Mulanje, amene anadzipangira wailesi yake yotchedwa Pachikweza ndipo mu 2009 anamangidwa chifukwa choulutsa popanda chiphaso, ngakhale kuti anthu ambiri anachita chidwi ndi luso lake. Dziwaninso kuti eriyo siitsekula matchanelo olipira; ntchito yake ndi kubweretsa mafunde ku dikoda basi. Ndipo waya wanu akhale wogula kapena wotsala pa ntchito, osati wodulidwa usiku pa mitengo ya magetsi kapena ya matelefoni.

Kwa aphunzitsi ndi otsiriza sukulu

Aphunzitsi anzanga, pano pali phunziro lathunthu losalira ndalama zambiri. Dikoda imodzi yobwereka, kanema mmodzi ndi batire ya sola ndi zipangizo zoyezera zokwanira, pakuti dikoda imaonetsa mphamvu ndi ubwino wa mafunde m'manambala. Gawani ophunzira m'magulu. Gulu lililonse lidule ndodo yolandira ya utali wosiyana, masentimita 18, 21, 24, 27 ndi 30, ndipo onse ayese pa mlongoti umodzi, pa msinkhu umodzi, ndi kebulo imodzi, nkujambula galafu ya zotsatira. Tsiku lina apange Yagi, aziizunguza madigiri 30 nthawi iliyonse, alembe manambala, nkuyerekeza chithunzi chawo ndi cha kompyuta. Pamene ziwirizo zasiyana, afunseni kuti afotokoze chifukwa. Wophunzira amene wachita zimenezi sadzaiwalanso kuti liwiro la funde ndi utali wake kuchulukitsa ndi kuchuluka kwake pa sekondi, pakuti waligwira lamulolo ndi manja ake.

Kwa inu amene mwatsiriza sukulu, sindikukulonjezani chuma. Maeriyo ochokera kunja ndi otchipa, ndipo mabanja ambiri kuno kwathu, makamaka amene ali ndi abale ku Joni, anagula kale mbale za setilaiti. Koma mmisiri amene amafika pakhomo ndi tepi yoyezera, nkuwerenga nambala pa dikoda, nkuuza mwini nyumba zoona ngati vuto lili pa eriyo, pa kebulo kapena pa phiri, ameneyo sasowa womuitana. Ndipo nzeru yomweyi ndi imene imagwira ntchito pa nsanja za mafoni, pa mawailesi a m'madera ndi pa zipangizo za intaneti yopanda mawaya. Amene wayamba ndi waya wotsala lero akhoza kudzapezeka m'kalasi la zamagetsi ku koleji ya ntchito zamanja kapena ku sukulu yaukachenjede mawa.

Zitsanzo sizili kutali. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi, anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo ataona chithunzi m'buku la mu laibulale. M'boma lathu lomwe lino la Mzimba, Colrerd Nkosi wa m'mudzi wa Yobe Nkosi anapanga magetsi kuchokera ku madzi a mtsinje wa Kasangazi nkuunikira anthu a kwao. Onsewa anayamba ndi zinthu zimene ena anataya, koma chimene chinawasiyanitsa ndi anzawo ndi kufunsa, kuyesa ndi kubwereza. Paja kuona maso a nkhono nkudekha.

Motero mlongoti wa pakhomo panu ukadzavutanso, musathamangire kuonjezera chivindikiro china cha poto. Tengani kope ndi pensulo, lembani nambala ya pa dikoda, gawani 300 ndi nambalayo, ndipo mutenge tepi mukayeze ndodo zimene zili kumwambako. Kawirikawiri mudzapeza kuti vuto layamba kuoneka musanagule kanthu kalikonse.